Ndimapereka Kutchalitchi, Nanga Bwanji Akunditchula Wodzikonda?

FUNSO

Abusa, ndine bambo wa zaka 46, ndimakhala kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, ndipo ndimalima mbatatesi ndi kabichi zimene ndimakagulitsa ku Lizulu. Mulungu wandidalitsa ndithu, moti ndinamanga nyumba ya malata ndipo ana anga anayi onse ali pasukulu. Pa za kutchalitchi sindibwerera m'mbuyo. Chakhumi ndimapereka, nthawi ya masika ndimabweretsa matumba, ndipo pamene tinkamanga nyumba ya abusa ndinagula matumba 20 a simenti, dzina langa n'kuwerengedwa pamaso pa mpingo wonse.

Koma mwezi wathawu tinasemphana mawu ndi mayi a kunyumba. Amayi anga aakulu, omwe ndi amasiye, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo amakhala pamtunda woti munthu ayenda mphindi khumi zokha kuchokera kwathu. Akazi anga ndiwo amapita kukawasambitsa ndi kuwaphikira phala, pomwe ine ndimatumiza ndalama pafoni kwa mdzukulu amene amagona nawo. Tsiku limenelo akazi anga anandiuza kuti, "Inu bambo mumapereka pamene pali anthu owomba m'manja. Ndinu wodzikonda." Mawu amenewa akundipwetekabe mpaka lero. Ine ndinaona njala ya 2002, tinadya gaga ndipo palibe anatiyang'ana, choncho ndimaopa kuti ndikayamba kuthandiza aliyense, abale andithera mpamba. Kodi ndinedi wodzikonda? Ngati ndi choncho, Mkhristu angagonjetse bwanji kudzikonda popanda kudzigwetsa mu umphawi?

Mlimi wodandaula, Bembeke

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, makamaka chifukwa mwalemba mawu a mayi a kunyumba monga momwe anawayankhulira, osawachotsa minga. Amuna ambiri akadzudzulidwa chotere amakwiya masiku awiri kenaka n'kuiwala, koma inu papita mwezi wathunthu mawuwo akukuzunguliranibe m'mutu, ndipo ine ndikuona kuti chikumbumtima chanu chili maso.

Ndikuyankheni mosapsatira: mayi aja sananame, ngakhale kuti sananene zonse. Simenti munagula ija inagwira ntchito yabwino, nyumba ya abusa inaima, ndipo palibe angakulandeni zimenezo. Vuto ndi lakuti tikamva mawu akuti kudzikonda timangoganiza za munthu woumira, uja amabisa ndiwo akamva mlendo akuodira. Woteroyo sachedwa kudziwika pamudzi. Pali kudzikonda kwina kovuta kukugwira chifukwa kumavala jekete la Lamulungu. Munthu amapereka ndithu, koma amasankha yekha popereka, nthawi yopereka ndi chinthu chopereka, ndipo amaonetsetsa kuti pobwerera kunyumba watenga kanthu, kaya ndi ulemu, kaya ndi mpando wa kutsogolo. Yesu ananena za anthu otere pa Mateyu 6:1-4, kuti opereka n'cholinga choti aonedwe alandiriratu mphotho yawo, ndipo analangiza kuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Paulo anafika ponena pa 1 Akorinto 13:3 kuti munthu angathe kugawira osauka chuma chake chonse koma osapindula kanthu ngati alibe chikondi. Sindikunena kuti kuwerenga maina m'tchalitchi ndi tchimo, pakuti asungichuma ayenera kufotokozera mpingo za ndalama zake, ndipo ife abusa ndife timalimbikitsa mwambowu tikafuna kuti denga lithe msanga. Koma dzifunseni nokha ngati mukanagula matumba 20 omwewo zikanakhala kuti dzina lanu silitchulidwa.

Tsono tiyeni tipite kwa amayi anu aakulu. Mwa chikhalidwe chathu amenewo ndi amayi anu enieni, ndipo ndikukhulupirira kuti munadyapo nsima ya m'manja mwawo muli mwana. Pa Marko 7:9-13 Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo ndi Korban, ndiko kuti choperekedwa kwa Mulungu, n'cholinga choti asathandizire makolo awo. Taonani kuti anthuwo ankapereka ku Nyumba ya Mulungu, ndipo kupereka komweko ndiko anabisalamo. Pa 1 Timoteo 5:4 akuti ana ndi adzukulu a mkazi wamasiye ayambe aphunzira kuonetsa chipembedzo chawo pabanja pawo pomwe, ndipo ndime 8 ikuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Mungayankhe kuti ndalama mumatumiza, ndipo n'zoona. Koma ndalama ndicho chinthu chimene muli nacho chambiri, motero kuzitumiza sikukupwetekani. Chimene chimakusowani ndi nthawi, makamaka m'nyengo yokumba mbatatesi pamene galimoto ya ogula yaima pamsewu, ndipo chimene mumachisunga mosamala koposa ndi ulemu wanu. Pamene Yesu anakhala moyang'anana ndi moponyamo zopereka, pa Marko 12:41-44, anayamikira mkazi wamasiye wa timakobiri tiwiri chifukwa anayang'ana zimene zinatsala m'manja mwa woperekayo. Mukayesa nthawi yanu ndi muyeso umenewo, mupeza kuti amayi aakulu simunawapatse kalikonse chaka chonse chathachi, ngakhale kuti pakhomo pawo ndi mphindi khumi zokha.

Mantha anu sindikuwapeputsa. Njala ya 2002 tonse a m'chigawo chapakati timaikumbukira. Boma linalengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko lili pangozi, chimanga chinakwera mtengo mosaneneka, anthu anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wotaya, ndipo ena anadya zitsa za nthochi. Munthu amene anapyola m'zimenezo ali mnyamata amalumbira mumtima kuti ana ake sadzagona ndi njala, ndipo lumbiro limenelo ndi lomwe lakudzutsani m'mamawa kuzizira kwa ku Bembeke zaka zonsezi. Koma lumbiro lomwelo likakula mopitirira limasandutsa m'bale aliyense kukhala ngati nankafumbwe wofuna kulowa m'nkhokwe. Werengani fanizo la pa Luka 12:16-21, la munthu amene munda wake unabereka kwambiri. Kumanga nkhokwe sikunali kulakwa, pakuti Yosefe anamanganso nkhokwe ku Ejipito ndipo anapulumutsa nazo mitundu ya anthu. Chodabwitsa m'fanizoli n'chakuti munthuyo akuyankhula yekhayekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akufunsa yekha n'kudziyankha yekha za nkhokwe zake, dzinthu zake ndi moyo wake, ndipo m'nkhani yonseyo mulibe mkazi, mulibe waganyu amene anakolola, mulibe mnansi. Ndiko kumene mantha amamufikitsa munthu.

Mwanena kuti mu 2002 palibe anakuyang'anani. Ndikufuna ndikukumbutseni mbiri ina ya dera lanu lomwelo. Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, anthu othawa kwawo analowa m'dziko muno mpaka chiwerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ambiri anakhala m'midzi pakati pa anthu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ndipo anayamba kubwerera kwawo. Ine ndinali mnyamata nthawi imeneyo. Madzulo ena kunafika mayi wa ku Angonia ali ndi ana atatu, mphika umodzi ndi mtolo wa nsanza pamutu. Mayi anga anatulutsa nkhuni ndi mitsuko m'khitchini mwathu, anazira pansi, nayala mphasa, ndipo banja lija linakhala mmenemo zaka zingapo pamene ife tinkaphikira pansi pa mtengo. Sizinali zokoma nthawi zonse. Nkhuni zinasowa m'mapiri, panali mikangano ya padimba, ndipo ndimakumbukira mayi anga akung'ung'udza kuti ufa ukutha msanga. Komabe ankapima ufa wa mabanja awiri. Anthu amene anachita zimenezi analibe nyumba za malata ngati yanu, ndipo ambiri mwa iwo ndi a msinkhu wa amayi anu aakulu omwe agona pamphasawo.

Mwafunsa kuti kudzikonda kumagonjetsedwa bwanji. Anthu ambiri amadikira kuti mtima usinthe kaye, ayambe amva chifundo, ndiye adzanyamuke. Pa zaka zimene ndakhala mu utumiki ndaona kuti kawirikawiri zimayenda mwa njira ina: miyendo imayamba, mtima n'kumatsatira pambuyo. Usiku woti apachikidwa mawa lake, pa Yohane 13, Yesu sanawalalikire ophunzira ake ulaliki wautali wa kudzichepetsa. Anavula chovala chake chakunja, anamanga nsalu m'chiuno, anathira madzi m'beseni, nayamba kusambitsa mapazi a anthu amene anayenda m'fumbi tsiku lonse, ntchito imene inali ya kapolo wa m'nyumba. Yudasi anali pomwepo, ndipo Petro amene anali pafupi kumukana anali pomwepo. Atamaliza ndi pamene anawauza kuti wawapatsa chitsanzo, ndipo anati odala ndi amene azichita zimenezi, osati ongozidziwa. Paulo akufotokoza chimodzimodzi pa Afilipi 2:3-8, kuti aliyense asamangoyang'ana zake zokha koma za anzakenso, ndipo chifukwa chimene akupereka ndi Khristu mwini, amene anadzikhuthula natenga maonekedwe a kapolo. Kutumikira kumathyola kudzikonda chifukwa kumakuikani pamalo pamene wina ndiye akulamula nthawi yanu. Wodwala safuna thandizo pa ola limene inu mwamasuka, amalifuna pa ola limene iye wavutika.

Choncho sankhani tsiku limodzi pasabata, mulitchule kwa mayi a kunyumba kuti likhale pangano, ndipo tsiku limenelo muzipita kwa amayi aakulu ndi miyendo yanu. Ndikudziwa kuti mwambo sulola mwana wamwamuna kusambitsa mayi wake, ndipo sindikukutumani kuti mukaswe mwambo. Koma ntchito yoti mwamuna agwire pakhomo pa munthu wofa ziwalo ndi yambiri. Mwezi wa Juni ndi Julayi kwanuko kumazizira kolowa m'mafupa, ndipo nkhalamba yosatha kudzitembenuza imafuna nkhuni zowazawaza ndi bulangeti louma. Denga liyenera kufoleredwa mvula ya Novembala isanagwe. Chimbudzi chimafuna pokhalira ndi pogwira, chifukwa munthu wofa mwendo umodzi sangathe kunjuta. Pamafunika wamphamvu woti awanyamule kukawaika padzuwa ndi kuwabwezera m'nyumba, ndiponso wowaperekeza kuchipatala tsiku lokalandira mankhwala. Mukamaliza zonsezo musathamangire kumunda. Khalani pamphasa, mudye nawo mbale imodzi, muwasiye akusimbireni nkhani imene anakusimbirani kale katatu, pakuti anthu ofa ziwalo ambiri amavutika kwambiri ndi kusungulumwa. Ndipo musaiwale kuti munthu woyamba amene mukumutumikira pochita izi ndi mkazi wanu, amene wasenza yekha katundu wa kuchimuna kwa chaka chathunthu. Mawu owawa anakuuzani aja anachokera m'kutopa.

Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu wasunga midzi yathu pa maliro ndi pa njala. Koma Mkhristu ayenera kuupitirira, chifukwa woika amayembekezera kudzatenga. Pa Luka 14:12-14 Yesu anati pokonza phwando tiziitana osauka, olumala, otsimphina ndi akhungu, ndipo chifukwa chake n'chakuti iwowo alibe chobwezera. Amayi anu aakulu sadzakugulirani simenti, sadzawerenga dzina lanu m'tchalitchi, ndipo mwina tsiku lina adzakukalipirani kuti nkhuni mwabweretsa ndi zaziwisi. Musadzakhumudwe. Mwa akhate khumi amene Yesu anawachiritsa pa Luka 17, anabwerera kudzathokoza ndi mmodzi yekha. Tsiku limene mudzagwire ntchito yonse popanda wonena zikomo, n'kumva mtima ukuwira, mudzakhala mwakuona kudzikonda kwanu maso ndi maso, ndipo pamenepo ndi poyenera kupemphera, kenaka n'kudzabweranso sabata yotsatira.

Za mpamba, mtima ukhale m'malo. Baibulo silikulamulani kuti mupatse aliyense chilichonse chimene wapempha. Pa Agalatiya 6 ndime 2 ikuti tinyamulirane zothodwetsa, koma ndime 5 ikuti aliyense adzasenza katundu wake. Pa 2 Atesalonika 3:10 akuti wosafuna kugwira ntchito asadye, ndipo pa 2 Akorinto 8:13 Paulo akunena momveka kuti cholinga sikuti ena apumule inu n'kuvutika. Mnyamata wamphamvu wofuna ndalama ya kachasu mukhoza kumukana ndi mtima woyera, kapena kumupatsa khasu ndi mizere yoti apalire. Ndalama ya feteleza ndi mbewu ndi ya munda, ndipo mukaidya mudzalephera kuthandiza aliyense chaka chamawa. Chimene ndikulangizani n'chakuti pokolola mukhale pansi ndi mayi a kunyumba, mugwirizane matumba amene mukuwapatula kuti ndi a ovutika, ndipo akazi anuwo akhale ndi mawu pa kagawidwe kake. Lamulo la pa Levitiko 19:9-10 linkaletsa mwini munda kukolola mpaka m'mphepete, kuti osauka ndi alendo adzakunkhe, ndipo ndi mmene Rute anapezera chakudya m'munda wa Boazi. Mbatatesi zing'onozing'ono zotsalira pokumba zingathe kukhala khunkha la amasiye a m'mudzi mwanu. Onaninso mmene mumalipirira aganyu, pakuti Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwa a okolola amafuula kwa Mulungu, ndipo onani ndowa imene mumapimira ku Lizulu ngati ili yofanana pogula ndi pogulitsa. Katapila kwa abale ovutika musayerekeze n'komwe.

Zonsezi sizogulira chipulumutso, pakuti Aefeso 2:8-10 akuti tinapulumutsidwa mwa chisomo kuti tikachite ntchito zabwino. Koma musanapite kwa amayi aakulu sabata ino, yambani mwapepesa kunyumba kwanu.

FUNSO

Abusa, ine vuto langa ndi losiyana. Ndine mayi wa m'bungwe la amayi pampingo wina ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Maliro akachitika ndine woyamba kufika pasiwa ndipo ndine womaliza kutsuka miphika, odwala ndimayendera, tchalitchi ndimasesa. Bambo a kunyumba ayamba kudandaula kuti ana akumagona ndi njala ine ndili kumaliro, ndipo thupi langa latopa. Koma ndikafuna kukana ntchito ina ndimadziona ngati wodzikonda. Ndichite chiyani?

Mayi wotopa, Tsangano

YANKHO

Mayi, kupuma si kudzikonda. Pa Marko 6:31, anthu atachuluka moti ophunzira anasowa ndi mpata wodyera, Yesu mwini ndiye anawauza kuti apite kwa okha akapume pang'ono. Ana anu nawonso ndi anansi amene Mulungu anakupatsani, ndipo mwana wogona ndi njala chifukwa amayi ake akuphikira anthu a kumaliro amakula akudana ndi tchalitchi. Bambo a kunyumba ali ndi mfundo, ngakhale kuti ndikadakumana nawo ndikadawafunsa ngati manja awo sadziwa kugwira mthiko usiku umodzi.

Koma pali funso lina limene ndikufunsani mwachikondi. Kodi ntchito zonsezi zimagwera inu chifukwa palibe wina, kapena chifukwa simukhulupirira kuti wina angazigwire bwino ngati inu? M'mabungwe a amayi ndaona kawirikawiri kuti pamakhala mayi mmodzi wodziwa zonse, wosunga makiyi, wodziwa kuchuluka kwa ufa wofunika pamaliro, ndipo atsikana ongolowa kumene amangoima kumbali chifukwa akagwira chinthu amawalanda. Kufunidwa ndi aliyense kumakoma, ndipo nako kungathe kukhala kudzikonda kobisika. Mose anali wotere, ankaweruza anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kufikira apongozi ake Yetero anamuuza pa Eksodo 18 kuti adzadzitopetsa yekha pamodzi ndi anthuwo, ndipo anamulangiza kusankha ena oti amuthandize. Atumwi nawonso, pa Machitidwe 6, madandaulo atabuka pa kagawidwe ka chakudya cha amasiye, anasankhitsa amuna asanu ndi awiri n'kuwasiyira ntchitoyo.

Pamsonkhano wotsatira wa bungwe lanu pemphani amayi apampando kuti amayi agawidwe m'magulu, gulu lililonse likhale ndi sabata yake ya maliro ndi yoyendera odwala. Inu mutenge amayi awiri achitsikana m'gulu lanu, muwaonetse kapimidwe ka ufa ndi kagawidwe ka ndiwo, ndipo nsima yawo ikatuluka ya mibulu ulendo woyamba musawalande mthiko. Sabata imene si yanu mukapepese maliro monga mwa mwambo, mukhale pasiwa kanthawi, kenaka mubwerere kukaphikira ana anu dzuwa lisanalowe.